Kukumana ndi amene anapha m'bale wanu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa timawamva kawirikawiri kuno ku Blantyre: ena pasiwa, ena pabenchi kunja kwa khoti, ena pamzere wa odzaona akaidi ku Chichiri. Ofunsa ambiri ndi anamfedwa, koma alipo amayi ndi amalume a anyamata omwe ali m'ndende. Ngati mlandu wanu ukadali m'khoti, musayende ndi tsamba lino lokha, kaonaneninso ndi loya.

Kodi nkhaniyi kwenikweni ndi yotani?

Mukadzapita kubwalo lalikulu la milandu ku Chichiri, mudzaone momwe mlandu wa kupha umalembedwera. Pamutu pamakhala Boma ndi dzina la woimbidwa mlandu. Dzina la malemu limabwera m'kati, ndipo mayi amene anabereka malemuyo, ngati sanaitanidwe kukhala mboni, amangokhala kumbuyo kumvera maloya akuponyerana Chingerezi. Lamulo linachita dala: kupha munthu n'kulakwira dziko lonse, choncho Boma ndilo limazenga, kuopa kuti mabanja angamabwezerane. Koma mapeto ake, anthu omwe imfayo inawalasa kwambiri amatuluka m'khoti osanena kanthu, osafunsa kanthu.

Njira yomwe m'Chingerezi amaitcha restorative justice imayambira pomwe khoti lasiyira. Anamfedwa, akafuna okha, amakumana ndi wopha m'bale wawo pamaso pa mkhalapakati wokonzeka bwino. Amamuuza zomwe imfayo inachita pakhomo pawo, amamufunsa zomwe zakhala zikuwasowetsa tulo, ndipo iye amayankha. Pano tiziitcha nkhumano. Sitikuitcha chiyanjanitso chifukwa ena amakumana, kulankhulana, n'kusiyana osagwirana chanza, koma zomwe anadzera atazipeza.

Zimenezi si za milandu ya mbuzi ndi malire a munda? Zingatheke pa imfa?

Kumayiko a azungu zinayambadi ndi milandu ing'onoing'ono. Mu 1974, ku Elmira m'dziko la Canada, anyamata awiri omwe anaononga katundu wa anthu ataledzera anatengedwa khomo ndi khomo kukaonana ndi omwe anawalakwira. Koma anamfedwa eni ake ndiwo anayamba kupempha kuti nawonso apatsidwe mwayi wotere. Dera la Texas ku America, lomwe limatchuka ndi kunyonga, lakhala likukonza nkhumano za milandu ikuluikulu m'ndende zake kuyambira mu 1993. Ku Belgium, lamulo la mu 2005 linalola mkhalapakati pa mlandu wa mtundu uliwonse.

Kwa ife a kuno si zachilendo kwenikweni. Makhoti a atsamunda asanabwere, imfa ya munthu inkakambidwa pabwalo, mbumba ya wopha n'kupereka lipo kwa mbumba ya malemu. Tisazikometsere kwambiri: nthawi zina lipolo linkakhala munthu wamoyo, mwana wosalakwa woperekedwa m'malo mwa wakufa. Zimenezo zinatha ndipo zithe ndithu. Chomwe chinali chanzeru n'chakuti anamfedwa ankakhala kutsogolo, osati kumbuyo.

Tikakumana n'kumvana, mlandu umathera pomwepo?

Ayi. Apa m'pomwe anthu ambiri amasocherera.

Gawo 161 la lamulo lozengera milandu, la Criminal Procedure and Evidence Code, limalola khoti kulimbikitsa anthu kuyanjana, koma pa milandu yopepuka ngati kumenyana wamba. Kupha mulibemo. Kupha mwadala kuli m'gawo 209 la lamulo la milandu ndi zilango, la Penal Code, kupha mosakonzekera m'gawo 208, ndipo milandu iwiri yonseyi imazengedwa kubwalo lalikulu. Mfumu singaithetse, wapolisi sangaithetse, inu anamfedwa simungaithetse ponena kuti mwakhululuka. Mphamvu yoimitsa mlandu ili ndi mkulu wozenga milandu ya Boma, DPP, malinga ndi gawo 99 la malamulo aakulu a dziko, ndipo akatero amayenera kupereka zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo.

Ena amatchula za ku Kenya, komwe mu 2013 bwalo lalikulu linavomera kuti mlandu wa kupha uchotsedwe mabanja atalipirana ngamila ndi mbuzi. Zinachitikadi. Ife sitikhumbira zimenezo. Tsiku lomwe imfa idzakhale ndi mtengo wake, mwini minibasi zisanu azidzatuluka, wogulitsa makala azidzatsalira m'kati.

Nanga chilango chingachepe?

Chikhoza, koma palibe angakulonjezeni. Gawo 321J la lamulo lozengera milandu lija limalola bwalo lalikulu, munthu akapezeka wolakwa, kulandira umboni wothandiza kupeza chilango choyenera, kuphatikizapo mawu ochokera ku mbali ya wolakwiridwa. Woweruza angamve kuti wopalamula anavomera msanga, anapepesa, ndipo anamfedwa akuti chakuti. Amaziyeza pamodzi ndi zina zonse: chida chomwe anagwiritsa ntchito, msinkhu wake, ngati n'koyamba, momwe malemu anafera.

Kale mwayi umenewu kunalibe. Aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala ankagamulidwa kunyongedwa, woweruza afune asafune. Pa 27 Epulo 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti linati chilango chokakamiza choterocho n'chosemphana ndi malamulo aakulu. Kuchokera mu 2015 akaidi oposa 150 omwe anali kuyembekezera chingwe ku Zomba anamvedwanso, ndipo oposa 100 anamasulidwa. Pokonzekera milanduyo, alangizi a zamalamulo anayenda m'midzi kukacheza ndi mafumu, abale a akaidi, ndi abale a malemu omwe. Chilango chonyonga chikadali m'mabuku, ngakhale kuti chichokereni 1992 palibe amene wanyongedwa.

Tinene mosabisa: nkhumano yochitika chigamulo chisanaperekedwe imakhala ndi chikaiko, chifukwa wopalamula ali ndi chomwe angapindule. N'chifukwa chake ambiri amasankha kudikira. Onani funso la nthawi yoyenera m'munsimu.

Wanga sadzauka. Ndipindulanji pokumana ndi munthu ameneyu?

Mwina palibe. Pali anamfedwa omwe safuna ngakhale kumva dzina lake, ndipo sanalakwe.

Koma omwe amapempha nkhumano amabwera ndi mafunso ofanana modabwitsa, ndipo palibe lomwe khoti limafunsa. Khoti limafuna kudziwa ngati anabaya ndi iyeyu, komanso ngati anali ndi cholinga. Mayi amafuna kudziwa zina. Anavutika nthawi yaitali? Ananena chiyani pomaliza? Anaitana ndani? Anadziwa kuti akufa? Bwanji iyeyo, pamene pamsewu panali anthu ambiri? Pepala la dokotala wa kuchipatala cha Queens limanena za bala ndi magazi omwe anataya, osati za mawu omaliza. Pa dziko lonse lapansi pali munthu mmodzi yekha amene analipo pa mphindi imeneyo, ndipo ndi yemweyo mumadana naye.

Mayi wina wa ku Bangwe anakhala zaka zambiri akudziimba mlandu kuti ndiye anatuma mwana wake kukagula parafini kutada. Ankaganiza kuti womuphayo anachita kumudikirira panjira. Atakumana ndi mnyamata wopha uja anamva kuti sankamudziwa n'komwe, ankangofuna foni ya aliyense wodutsa. Ena angati yankho lotere ndi lopweteka koposa, kufera foni. Kwa mayiyo linachotsa mtolo wina: panalibe chiwembu chomwe akanachiona n'kuchiletsa. Sanamukhululukire tsiku limenelo, ndipo ife sitinawafunse.

Kuwonjezera pa mayankho, chachiwiri chomwe mungapindule n'kumvedwa. Woimbidwa mlandu amakhala ndi loya womulankhulira, ndipo amalangizidwa kusanena zambiri. Akhoza kutha zaka khumi m'ndende osamvapo kuti ana a malemu anasiyira sukulu Sitandade 6, kuti nyumba ya lendi ku Ndirande anawatulutsa, kuti agogo anadwala kuthamanga kwa magazi chimvereni uthengawo. Pali anamfedwa omwe amangofuna kuika chithunzi cha malemu patebulo n'kunena kuti, "Uyu anali ndi dzina." Chachitatu ndi mantha. Munthu amene simunamuonepo chiweruzireni amakula m'maloto, amasanduka chilombo. Mukamuona atavala zoyera za kundende, wowonda, manja akunjenjemera, amabwerera pa msinkhu wa munthu.

Kodi ndiye kuti ndiyenera kukhululuka?

Ayi. Kukhululuka si khomo lolowera, komanso si malipiro a potuluka.

Tikudziwa kuti m'mipingo mwathu nkhaniyi imalemera. Maliro asanatuluke n'komwe, wina amakhala atayamba kale kuwerenga za makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri. Abusa ndi mashehe amathandiza kwambiri pa ntchitoyi, koma amene akukakamizani kukhululuka kuti mwambo uoneke bwino akukusenzetsani katundu wachiwiri. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda.

Anthu amakonda kutchula makolo a Amy Biehl, mtsikana wa ku America amene anaphedwa ku Gugulethu, Cape Town, m'dziko la South Africa, mu 1993. Makolowo sanatsutse kuti omwe anamupha akhululukidwe ndi komiti ya choonadi ndi chiyanjanitso yomwe ankatsogolera Desmond Tutu, ndipo pambuyo pake awiri mwa anyamatawo anagwira ntchito m'bungwe lokumbukira malemuyo. Nkhani yokoma, koma si muyezo woti muziyezedwa nawo. Mabanja ena ku South Africa komweko, monga la Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda amene anafera m'manja mwa apolisi, anakana njira imeneyo mpaka kukhoti.

Abale a wopha abwera ndi bokosi, chimanga ndi ndalama. Tilandire?

Chipepeso pamaliro ndi mwambo wathu, ndipo banja lomwe mwana wawo wapha munthu likapanda kuonekera, anthu amanena. Kulandira thumba la chimanga chodyetsa adzukulu ndi olira si mlandu. Kwa Asilamu anzathu nkhani ya diya, lipo la magazi, ili m'Qur'an momwe. Vuto limabwera pamene chipepeso chili ndi mchira: "Tikupatsani izi, koma mukauze apolisi kuti anagwa yekha," kapena, "mboni yanu ija isapite kukhoti." Kulandira kanthu kuti mubise mlandu waukulu ndi mlandu paokha, ndipo wotsekeredwa akhoza kukhala inu anamfedwa.

Ngati mwasankha kulandira, landirani masana, pamaso pa mfumu kapena akuluakulu a mpingo, ndipo zilembedwe kuti n'zothandizira maliro basi. Wapolisi wofufuza mlanduwo adziwe. Ngati mtima wanu ukukana, bwezani mwaulemu. Kukana chipepeso sikutseka mwayi wa nkhumano m'tsogolo.

Dziwaninso kuti omwe ankadalira malemu, monga mkazi ndi ana, akhoza kusuma mlandu wapadera wofuna chipukuta misozi. Umenewu uli ndi malire a nthawi, choncho musagone nawo.

Nthawi yoyenera ndi iti?

Palibe kalendala. Kumayiko komwe ntchitoyi inakhazikika, nkhumano zambiri za milandu ya kupha zimachitika patapita zaka chigamulireni. Mlandu suola, ndipo mafunso a anamfedwa nawonso saola.

Chomwe timaletsa n'kukumana mlandu uli m'kati popanda loya ndi wozenga mlandu kudziwa. Amene ali pa belo nthawi zambiri amalamulidwa kusayandikira mboni, ndiye ulendo wokapepesa ukhoza kumubwezera ku rimandi. Vuto lake, kuno milandu ya kupha imachedwa, anthu amakhala zaka pa rimandi, ndipo mabanja awiri amakhala akutunga pamjigo umodzi nthawi yonseyo. Pamenepo chofunika si nkhumano ya anamfedwa ndi wopha, koma kuti akuluakulu a mbali ziwiri agwirizane pamaso pa mfumu momwe akhalire: osaopsezana, osaotcherana nyumba, ana asamatukwanidwe kusukulu.

Nkhumanoyo imayenda bwanji?

Tsiku lokumana ndi kachigawo kochepa. Ntchito yaikulu ndi yokonzekera, ndipo imatenga miyezi. Mkhalapakati amayamba wacheza ndi mbali iliyonse payokha, kangapo. Kwa anamfedwa amafunsa chomwe akufuna kumva, ndi chomwe adzachite akamva zosiyana ndi zomwe amayembekezera. Kwa mkaidi amafufuza ngati akuvomeradi zomwe anachita, kapena akadali pa "unali mowa" ndi "satana anandinyenga". Akaona kuti mmodzi sanakonzeke, amaimitsa.

Ngati wopalamula ali m'ndende, pamafunika chilolezo cha akuluakulu a ndendeyo, ndi chipinda chapadera, osati pawaya pomwe anthu amakuwirana Loweruka. Aliyense amabwera ndi munthu mmodzi kapena awiri omulimbitsa mtima. Anamfedwa ndiwo amasankha woyamba kulankhula, pokhala, ndi nthawi yopuma. Akafuna kutuluka pakati, amatuluka, palibe kufotokoza chifukwa. Kulira ndi kukalipa n'zololedwa. Kutukwana makolo ndi kuopseza, ayi.

Si onse amafuna kuonana maso ndi maso. Kalata yodzera kwa mkhalapakati imagwira ntchito, kapena kutuma malume ndi mafunso olembedwa. Zikatha, mkhalapakati ayenera kubweranso patapita masiku, chifukwa usiku wotsatira nkhumano umakhala wautali kwa onse awiri.

Kuno ku Blantyre tingayambire kuti?

Malamulo athu sanakhazikitse ofesi yapadera ya nkhumano pa milandu ya kupha, ndiye zimadalira anthu omwe ali kale pafupi ndi ndende ndi makhoti. Abusa ndi mashehe otumikira kundende ya Chichiri amawadziwa akaidi ndipo amadziwa khomo logogoda. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) amagwira ntchito m'ndende, kupolisi ndi m'makhoti. Bungwe lomweli lili ndi ankhalapakati a m'midzi, koma iwo ndi a mikangano ing'onoing'ono, osati imfa. Bungwe la CHREAA (Centre for Human Rights Education, Advice and Assistance), lomwe lili mumzinda muno, limaona za ufulu wa akaidi. A Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, komwe mungafunse momwe mlandu ukuyendera.

Posankha mkhalapakati, pewani wachibale wa mbali iliyonse, ndi aliyense amene wayamba ndi kutchula ndalama.

Nanga ngati akukana mlandu, kapena kulapa kwake n'kwa pakamwa?

Wokana kuti sanaphe sakumana ndi anamfedwa. Mwina akunama, mwina akunenadi zoona, pakuti makhoti amalakwitsanso. Mulimonsemo malo ake ndi apilo, osati patebulo ndi mayi wolira.

Za mumtima palibe angakutsimikizireni. Koma pali zizindikiro. Wolapadi amanena zomwe anachita ndi pakamwa pake, "ndinamubaya", osati "zinachitika". Sathamangira kufotokoza mavuto ake. Sapempha kalata yoti imuthandize kutuluka. Amayankha ngakhale funso lomwe likumuipitsa. Wina akayamba ndi kuti, "Inenso ndavutika muno," mkhalapakati wabwino amadziwa kuti nthawi sinakwane.

Banja lathu lagawanika. Alankhule ndani?

Izi zimachitika pafupifupi paliponse. Mwinimbumba akufuna zikambidwe kuti mudzi ukhale pamtendere, mkazi wamasiye sakufuna, akuchimuna akuti sanafunsidwe. Mwambo umapatsa malume mawu aakulu, ndipo pa zokambirana za mabanja awiri ndi iwo ayenera kutsogolera. Koma malume sangakhululuke m'malo mwa mlongo wawo amene anabereka, ndiponso sangamuletse kukafunsa mafunso ake. Nkhumano ndi ya munthu payekha. Mmodzi akhoza kupita, ena n'kutsala, bola agwirizane ngati wopitayo adzafotokoze zomwe wamva kapena azisunge. Ana aang'ono asatengedwe. Akadzakula adzasankha okha.

Wopha ndi wa m'banja lomwelo. Pamenepa zimatheka?

Imfa zambiri zomwe timakumana nazo si za achifwamba osadziwika. Ndi za pachibale polimbirana munda, za pamowa, za m'nyumba. Agogo amodzi amapezeka kuti ndi anamfedwa komanso kholo la wopha. Chibale ndi fupa, sichiola, ndiye anthu otere adzakumanabe pamaliro ndi pazinkhoswe, afune asafune. Kuli bwino kukumana kokonzekera kusiyana n'kudzidzimukirana kumanda.

Koma pomwe mwamuna anapha mkazi wake atamuzunza zaka, timayenda mosamala kwambiri. Munthu wozolowera kulamulira ndi kuopseza amadziwanso kulira pa nthawi yake, ndipo nkhumano akhoza kuisandutsa njira yofikira ana kapena katundu. Apa mkhalapakati akhale wodziwa za nkhanza za m'banja, ndipo mawu akuti "ndi bambo wawo ndithu" asakhale chifukwa chokokera ana kundende.

Anaphedwa ndi gulu. Tikumana ndi ndani?

Ili ndi funso lovuta koposa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe mpaka mumzinda muno. Pa imfa zotere omangidwa amakhala ochepa, oponya miyala ambiri, oonerera mudzi wonse, ndipo aliyense amati mwala wake sunali wakupha.

Nkhumano ya anthu awiri siikwana apa. Pamafunika bwalo, pomwe mfumu ndi anthu ake anganene poyera kuti malemu sanali mfiti ndipo dzina lake liyeretsedwe, kuti ana ake abwerere pamunda wawo. Kunena munthu kuti ndi mfiti n'kolakwira lamulo la mu 1911 lomwe likugwirabe ntchito. Ku Rwanda, pambuyo pa kuphana kwa mu 1994, mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca anazenga milandu pafupifupi 2 miliyoni pakati pa 2002 ndi 2012, ndipo anthu ambiri anadziwirako komwe abale awo anakwiriridwa. Koma kumenekonso mboni zina zinaopsezedwa. Bwalo la pamudzi limakomera amene ali ndi anthu ambiri, ndiye mbumba yochepa isapite yokha.

Bwanji ngati wopha ndi mwana, kapena inali ngozi ya pamsewu?

Lamulo la ana la mu 2010 limalola kuti mwana wolakwa apatutsidwe ku khoti n'kukambirana ndi omwe anawalakwira, koma kupha sikuli m'gulu la milandu yopatutsidwa. Nkhumano ikhoza kuchitika pambuyo, makolo ake alipo. Pa ngozi, dalaivala amayankha kukhoti, inshulansi imaona za chipukuta misozi, ndipo zonse tanena pa funso la chipepeso zikugwiranso ntchito. Madalaivala ambiri amafuna kupepesa koma amaopa kumenyedwa pamaliro. Atume akuluakulu kaye.

Akadzatuluka adzabwerera m'dera lathu lomwe lino?

Ambiri amatuluka. Wogamulidwa zaka zowerengeka amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu akasunga khalidwe, ndipo Pulezidenti ali ndi mphamvu yokhululukira akaidi pansi pa gawo 89 la malamulo aakulu. Chopweteka n'chakuti anamfedwa nthawi zambiri sauzidwa. Amangokumana naye pamsika wa Limbe akusankha tomato.

Apa nkhumano imathandiza ngakhale kwa omwe safuna za chikhululuko. Mukhoza kugwirizana zinthu zogwirika: akakhale kwa abale ake kwina chaka choyamba, asadutse njira ya kuseri kwa nyumba yanu, mukakumana apatuke osapereka moni, kapena apereke. Pa akaidi a mlandu wa Kafantayeni aja, alangizi ankayamba apita kumudzi kukakonza mitima ya anthu munthu asanafike, ndipo mafumu ambiri anawalandira. Ku Balaka kuli nyumba ya Prison Fellowship Malawi komwe ena otsala pang'ono kutuluka amaphunzira ntchito zamanja asanabwerere kwawo.

Ine ndine mayi wa amene anapha. Ndingayambe ndine kupempha?

Mayi, ululu wanu tikuudziwa, ndipo ndi ululu womwe anthu sapepesa. Koma musapite nokha kukagogoda pakhomo pa anamfedwa, ndipo mwana wanu asawalembere kalata kapena kuwaimbira foni mwachindunji. Kwa iwo zimenezo zimafika ngati chiopsezo, ngakhale mutalemba mawu okoma chotani.

Uzani mkhalapakati kapena abusa a kundende kuti mwana wanu ndi wokonzeka kuyankha mafunso tsiku lomwe anamfedwa adzafune. Uthengawo ukafike kamodzi kokha, kudzera kwa mwinimbumba wawo kapena mtsogoleri wa mpingo wawo. Akakana, musatumenso wina. Akakhala chete, musafunse kuti bwanji. Siyani dzina la mkhalapakatiyo kwa mfumu, kuti akadzalifuna, kaya chaka chamawa kaya patapita zaka khumi, adzadziwe kolipeza.